Dzanja Lamanzere pa Nsalu ya Khoti

Anagogoda Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Juni, ndikupukuta nsapato kunyumba kwathu ku Kabwata, mu Lusaka. Anali amuna awiri ovala masuti.

"Ndimwe ba ticha bamene mulemba na kumanzele?" anafunsa wamtaliyo. "Tiyeni, muzabwela manje-manje."

Manje-manje wakeyo anatenga miyezi khumi ndi inayi.

Mlandu unali wakuti ndinagwetsa mbendera ya chipani pamsika. Umboni wawo unali chithunzi cha munthu wojambulidwa kumbuyo akukoka mbenderayo ndi dzanja lamanzere, ndipo wamanzere wodziwika m'dera lathu ndinali ine. Ndinapempha kuchiona. Anati ndi silaidi, kachithunzi koonetsa pa pulojekita, ndipo iwo anakaona kamodzi basi, babu la makinawo n'kupsa. Ndinawauza kuti silaidi imaoneka ngakhale poiloza pazenera, pakuti ndinkaonetsa zotere kutchalitchi.

"Mufuna kutipunzisa nchito?" anatero wapolisi wofunsayo.

Masana amenewo anacheza ndi dzanja langa lamanzere m'chipinda chapansi cha kupolisi. Zala ziwiri sizipindika mpaka lero.

Katatu ananditengera kukhoti, katatu mlandu unaimitsidwa chifukwa babu linali lisanafike kuchokera kunja. Mkazi wanga ankayenda wapansi kudzangomva zimenezo. Kumenyedwa kunandipweteka, koma babu ndi limene linandikwiyitsa.

Linafika mu Ogasiti chaka chotsatira. Anatchinga mazenera a khoti ndi mabulangete, n'kupachika nsalu yoyera pakhoma. Wapolisi ataika silaidi, anthu a pachithunzi anaoneka miyendo m'mwamba, khoti lonse kuseka. Anaitembenuza mwaphuma. Munthu uja anaoneka, dzanja lamanzere lili pambendera. Kenako ndinaona basi itaima kumbuyo kwake, chitseko chake chili mbali ya msewu.

"Bwana woweruza," ndinatero, "kodi mu Lusaka muno mabasi anayamba liti kutsitsira anthu pakati pa msewu?"

Woweruza anavala magalasi, n'kuyang'ana nthawi yaitali. Analamula kuti silaidi iikidwe bwino. Wapolisi anavutika nayo mpaka thukuta, ndipo pamapeto anaitana ine ndemwe. Ndinaiika ndili ndi unyolo m'manja. Chitseko cha basi chinabwerera mbali yake, dzanja lija n'kukhala lamanja. Ntchito yonseyo sinakwane mphindi imodzi.

Anandimasula tsiku lomwelo. Palibe anapepesa. Msilikali wa pachipata, pondibwezera nsapato, anati, "Ba ticha, nanga sembe munakamba kudala." Ati ndikananena kale.

Anthu amandifunsa ngati ufulu unakoma. Unakoma, sindikana: kuyenda mpaka ku Kabwata popanda wondiuza poima. Koma nditabwerera m'kalasi, choko chinagwa m'zala zanga. Ansembe a ku mishoni anandikwapula zaka zisanu kuti ndizilemba ndi dzanja lamanja, n'kulephera. Boma linakwanitsa masana amodzi. Lero ndimalemba ndi lamanja, ngati munthu wa pachithunzi uja.