Kanyama ka M'chipinda Chozizira

Alamu anga, amuna awo a akulu anga, akhala akukonza mafiriji kwa zaka makumi awiri ndi zitatu. Shopu yawo ili kumaso kwa nyumba yawo, pamsewu wafumbi, pakati pa wometa tsitsi ndi mayi wosoka makatani. Ndi munthu wamfupi, wadazi, wosalankhulalankhula, ndipo akamamvetsera kulira kwa firiji amatsinzina ngati ali m'pemphero. M'tauni yathu yotenthayi aliyense ankangowaitana kuti Amisiri, ngati kuti amisiri ena onse anasamuka.

Chimene chinawatchukitsa si luso, aluso alipo ambiri. Chinali choko. Firiji ikafika ankaizungulira kamodzi, n'kuchotsa choko kuseri kwa khutu, n'kulemba pachitseko chake tsiku lodzaitenga, mwini wake akuona. Tsikulo likakwana, firiji inkakhala itakonzedwa, itayesedwa pamagetsi tsiku lathunthu ili yodzaza mabotolo a madzi, ndiponso itapukutidwa. Ikakhala yosatheka ankanena pomwepo kuti, "Iyi yafa, musataye ndalama zanu." Tsiku limene alemba silinkafufutidwa. Akulu anga ankadandaula kuti tsiku la ukwati wawo bamboyo analiiwala kangapo konse, koma la firiji ya munthu wosamudziwa, ngakhale kamodzi.

Kwa zaka zinayi alamu ankasamalira makina oziziritsa m'nyumba kwa mayi wina wakunja amene ankagwira ntchito ku kampani ya mbewu. Kunyumbako kunali chipinda chimodzi chimene makina ake sankazimitsidwa, koma simunkagona munthu. Munkakhala kanyama. Ntchito itatha, mayiyo anapeza kuti kukwera nako ndege kukufuna mapepala ambiri kuposa ake, ndiye analira pamaso pa alamu anga. Anati m'tauni yonse munthu wodziwa za kuzizira ndi iwo okha. Alamu, amene anali asanatamandidwepo ndi munthu wolira, anabwera nako kunyumba ndi khola lake lomwe.

Dzina lake akuti chinchila. Kukula kwake n'kofanana ndi mwana wa mphaka, makutu aakulu, ndevu zazitali, mchira ngati wa gologolo. Ubweya wake ndi wotuwa, wofewa moti ukakakhudza umakayika ngati wakhudzadi kanthu. Kwawo ndi kumapiri ozizira a dziko lakutali. Ine ndinalipo tsiku limene kanafika, chifukwa ndimagwira ntchito pafamase ya pafupi ndipo nthawi ya nkhomaliro ndimakonda kudutsira kwa akulu anga.

"Ndiye kazigwira mbewa?" anafunsa akulu anga.

"Ayi."

"Kazilondera?"

"Ayi."

"Kamadyedwa?"

"Mayi, ulemu pang'ono."

"Nanga ntchito yake n'chiyani?"

"Kamangokhala."

"Ongokhala tili nawo kale, achimwene anu aja sakukwana?"

Alamu anangoti, "Tapatsidwa ulere," ndipo kwa iwo nkhani inathera pamenepo.

Ulerewo tinauona. Kanyamako sikadya zotsala za pakhomo. Kamadya udzu wouma wochokera kunja, umene unkabwera m'mapaketi pabasi kuchokera kumzinda waukulu. Sikasamba madzi, kakanyowa kamadwala. Kamasamba fumbi, koma osati la pamsewu pathu limene timalipeza ngakhale m'mano, ayi, fumbi lapadera logula. Mano ake amakula osalekeza, ndipo atayamba kukavuta, dokotala wa ziweto wa m'tauni mwathu, wozolowera mbuzi ndi agalu, anakayang'anitsitsa n'kufunsa alamu kuti kameneka n'kachiyani. Wodziwa anali mmodzi yekha, pa ulendo wa maola asanu. Ulendowo sunkatheka pabasi, unkafuna galimoto yahayala yozizira m'kati. Pamwamba pa zonsezi panali chilolezo chosungira nyama yachilendo, cholipira chaka ndi chaka.

Koma chachikulu chinali kutentha. Kanyamako kakatenthedwa makutu amafiira, kamagona chammbali n'kumapuma mobanika, ndipo mukachedwa ndi ola limodzi basi, mwakataya. Alamu anakhuthula chipinda cha kuseri kwa shopu, n'kukuta makoma ake ndi zitseko za mafiriji akufa kuti kutentha kusalowe. Anaikamo makina oziziritsa olumikiza kuchokera ku makina atatu owonongeka. Inali ntchito yooneka bwino, ndiyenera kuvomereza. Mayunitsi a magetsi amene ankawafikitsa kumapeto kwa mwezi anayamba kutha pa masiku asanu ndi anayi. Njinga yamoto inagulitsidwa kuti pabwere jenereta, jeneretayo nayo inafuna mafuta. Akulu anga analetsedwa kuyatsa fani masana, ndipo ankakhala pakhonde akudzikupiza ndi chikatoni, kumbuyo kwawo makina akulira mosangalala.

Kuti alamu ankakakonda, ine sindikayika. Tsiku lina masana ndinasuzumira m'chipindamo n'kuwapeza atavala jekete, atakhala pandowa yovundikira, kanyamako kali paphewa pawo. Ankakafotokozera za firiji ina yovuta, mwatsatanetsatane, ndi mawu ambiri kuposa amene ndinawamvapo akulankhula chaka chonse. Sindinaseke. Ndinachita nsanje m'malo mwa akulu anga, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono.

Chaka chachitatu kunatentha koopsa. Magetsi ankazima maola khumi patsiku, mafuta anasowa, jenereta inangokhala duu pakona. Njira yotsala inali mabotolo a madzi oundana ozunguliza khola, osintha pakapita maola awiri alionse. Kafiriji ka m'nyumba sikankakwanitsa. Panafunika firiji yaikulu yogona ija, ya chivindikiro pamwamba, imene imasunga kuzizira ngakhale magetsi atazima tsiku lonse.

Lolemba lina firiji yotereyi inafika yokha. Anabwera nayo ndi mayi woweta nkhuku, wamasiye, amene amapha nkhuku zake, kuzikonza n'kumagulitsa kumalesitilanti. Anali kasitomala wa alamu kuyambira kale. Vuto linali laling'ono, kachipangizo koyatsira kompuresa, injini ya firiji, ndipo alamu analemba Lachitatu pachivindikiro. Anaikonza pa ola limodzi, n'kuidzaza mabotolo kuti ayese monga mwa masiku onse. Pofika Lachiwiri madzulo mabotolo onse anali gwa.

Lachitatu kunatentha kuposa Lachiwiri. M'mamawa alamu anakankhira firiji ija m'chipinda cha kuseri. Mayiyo atafika anamuuza kuti gasi akutuluka penapake ndipo akufufuzabe, abwere Lachisanu. Kenaka analowa, nanyowetsa chala ndi malovu, n'kufufuta Lachitatu. Lachisanu linakhala Lolemba, Lolemba n'kukhala Lachinayi. Akulu anga anaona zonse, koma anati pamene mwamuna wawo ankanama, nkhope yake inkaoneka yodwala moti anasowa poyambira.

Lachinayi masana ndinali pomwepo, nditabweretsa mapiritsi a akulu anga. Mayi wa nkhuku anafika ndi galimoto yobwereka ndi amuna awiri onyamula. Anali atatsika thupi m'masiku khumi okha.

"Amisiri, ndipatseni momwe ililimo. Ndikayese kwina."

"Ndaimasula yonse, mayi. Zitsulo zili mbwee. Mundipatse mpaka Loweruka."

Nthawi yomweyo magetsi anabwera. Wailesi ya wometa tsitsi inabuka, ndipo kuseri kwa chitseko kompuresa inagunda n'kuyamba kulira bwinobwino. Mayiyo anapendeketsa mutu. Firiji imeneyo inakhala pafupi ndi bedi lake zaka khumi ndi chimodzi.

"Imeneyo ndi yanga," anatero.

Palibe anamuletsa. Anatsegula chitseko, mphepo yozizira n'kutimenya tonse m'miyendo. Firiji inali apo, yathunthu, pachivindikiro pali mabala atatu a choko chofufutidwa ndi Lachinayi pambali pake. M'khola kanyama kaja kankagubuduka m'mbale ya fumbi, kosadziwa kanthu.

Ine ndinkayembekezera phokoso, koma silinabwere. Mayiyo anatsegula chivindikiro n'kuyamba kutulutsa mabotolo limodzilimodzi. Anafunsanso kuti, "Awa mumawaika pati?" Alamu analoza pafupi ndi khola, iye n'kuwandandalika pamenepo mwadongosolo. Atamaliza anapukuta manja pachovala chake.

"Lachitatu lija m'mamawa ndinapha nkhuku makumi asanu ndi limodzi," anatero. "Mwana wanga anati tidikire firiji ifike kaye. Ine ndinati Amisiri alemba ndi choko. Zina ndinagulitsa motaya, zina ndinagawa, zina ndinakwirira. Mukanangondiuza zoona msanga, bambo, nkhukuzo zikanakhala zikuyendabe."

Alamu anati adzabweza zonse, ndipo anabwezadi, atagulitsa makina awo owotcherera zitsulo. Mayiyo analandira, anathokoza, koma sanabwerenso. Sananamizire aliyense. Anangofotokoza zimene anaona, ndipo wometa tsitsi anali ataona nawo, zomwe zinali zokwanira. Pasanathe mwezi, anthu amene mafiriji awo sanachedwepo anayamba kukumbukira kuti nawonso awo anachedwa. Wina anati firiji yake inabwera ikununkha nyama yakutchire. Ntchito inasamukira kwa mmisiri wa kumsika, munthu wophonya masiku nthawi zonse, koma amene palibe anamukhulupirirapo kuti akhumudwe naye.

Akulu anga sanachoke pabanja. Anapempha ntchito kwa mayi wa makatani, ndipo pano amapinda nsalu kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Mwini hotela wina atamva nkhaniyi anabwera kudzagula kanyamako, kuti akaike polandirira alendo, ndipo mtengo umene anatchula unapangitsa akulu anga kukhala pansi. Alamu anati akaone kaye malowo. Anapeza kuti makina a pahotelapo amazimitsidwa alendo akachepa, n'kubwerako atakana. Chaka chino anapitanso kwa dokotala wa kutali uja, n'kubwera nkhope ili yowala. Akuti kanyamako kali ndi thanzi labwino kwambiri, ndipo kakhoza kukhala zaka zina khumi. Akulu anga anangoti, "Tithokoze," n'kupitiriza kuchapa.

Shopu imatsegulidwabe pa nthawi yake. Amabwera ndi anthu atsopano m'tauni, ndi ena obweretsa mafani ndi maketulo. Alamu amakonza chilichonse mosamala ngati kale, ndipo sanaphonyenso tsiku, kungoti masiku oti asaphonye achepa.

Mwezi watha firiji yanga inasiya kuzizira. Ndinakhala nayo masiku awiri ndikuganiza. Ndimawadziwa alamu anga, ndikudziwa kuti analakwa kamodzi kokha pa zaka zonsezi. Koma kunali kutayambanso kutentha, ndipo firiji yanga ndi yaikulu ndithu. Ndinaitana galimoto, n'kuuza dalaivala kuti adzere msewu wakuseri kwa sukulu popita kumsika.

Lamlungu ndinapita kukacheza monga mwa nthawi zonse. Alamu anali pakhonde akupukuta masipanala oyera kale.

"Ndamva kuti firiji yanu inadwala, alamu," anatero osandiyang'ana.

"Kanali kanthu kakang'ono, sindinafune kukuvutitsani."

"Anasintha kompuresa. Timagula gasi malo amodzi ndi mmisiri wa kumsika uja, anandiuza."

Ndinachita manyazi moti ndinalakalaka akanandikalipira. Iwo anaika sipanala pansi n'kutenga ina.

"Mwachita bwino," anatero. "Nanenso ndikanakhala inu ndikanatero."

Akulu anga, amene ankamva zonse pazenera, anasiya kugwedeza mbale. Kenaka alamu anatsitsa mawu.

"Kompuresa yakale ija anakubwezerani? Ndi yanu imeneyo, mukaifunse. Mwina ndingaidzutse. Ya m'chipinda cha kanyama muja yayamba kulira moipa."

M'mawa mwake ndisanapite kuntchito ndinakaitenga kumsika, n'kudzera nayo msewu wa kumaso.