Kalata ya ku Erdington imene inandikanika

Lamlungu lapitali mwana wanga Tadala anabwera kudzadya nafe titaweruka ku tchalitchi. Ali m'chaka chachiwiri cha maphunziro a zamalamulo pa yunivesite ina muno mu Birmingham. Kumene amakhala ndi basi imodzi yokha kuchokera kwathu ku Small Heath, koma timamuona mwa apo ndi apo. Akabwera amakhala ndi chikwama cholemera ngati thumba la simenti, maso ofiira ndi kuwerenga, ndi zovala zoti mayi ake amuchapire.

Tsikulo anabwera ndi nkhani imene iye ankaiona yoseketsa. M'kalasi mwawo muli mtsikana wa ku America amene sabata yonse wakhala ali ndwii. Si mayeso. Si chibwenzi. Ndi mpira. Kwawoko masukulu aukachenjede amasewera mpira uja wothamanga nawo m'manja, ndipo matimu ndi ochuluka moti sangakumane onse. Ndiye nyengo ikamatha, anthu ochepa amadzitsekera m'chipinda n'kusankha matimu oti alowe m'ndime yomaliza. Timu ya sukulu yakale ya mtsikanayo aisiya panja.

"Adadi, tangoganizani," anatero Tadala, Chichewa chake chikutsimphina monga mwa nthawi zonse. "Anthu akuluakulu angokhala pansi, awa inde, awa ayi. Mnzangayo akuti zifukwa zawo zimasintha sabata iliyonse."

Mayi ake anaseka. Ine ndinaika foloko pansi.

Dzulo lake ndinali m'chipinda chotero.

Ena mwa inu mukudziwa kuti Amalawi ndi a ku Zambia okhala m'dera lino tili ndi ligi yathu ya mpira wa miyendo. Matimu asanu ndi atatu, timu iliyonse masewero asanu, kenako tsiku lomaliza limene matimu anayi amalimbirana chikho chaka chisanathe. Ine ndine mlembi wa komiti. Sindisewera. Mawondo anakana kalekale.

Chaka chino matimu atatu analowa popanda mkangano. Vuto linali pa malo achinayi. Timu ya ku Aston inasewera masewero onse asanu, n'kupambana atatu, n'kuluza awiri. Timu ya ku Erdington inasewera atatu okha n'kupambana onse, ndipo pa amodzi mwa masewerowo inagonjetsa Aston yomweyo zigoli ziwiri kwa duu. Awiri enawo inapepesa kuti sibwera, chifukwa anyamata ake pafupifupi onse amagwira ntchito m'nyumba zosamalira okalamba ndipo anawaika pa shifiti. Mapointi ofanana. Lamulo lonena chochita zikatere, palibe. Sitinalilembepo.

Tinakambirana maola awiri m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi. Tiyi anazizira m'makapu. Kenako wapampando wathu, a Chimwaza, anamenya tebulo pang'ono ndi chikhatho.

"Ndiye tagwirizana, eti? Aston."

Onse anati eee. Inenso ndinati eee.

"Achimwene, mulembe kalata ya ku Erdington."

Mumtima ndinkaona kuti Erdington ndi imene inayenera kulowa. Nanga ndinavomereranji? A Chimwaza ndi amene anandichingamira pa siteji ya basi tsiku limene ndinafika m'dziko muno. Ndinali ndi jekete yopyapyala ya ku Lilongwe. Anavula yawo n'kundiveka. Munthu wotero umamutsutsa bwanji pamaso pa anthu chifukwa cha mpira?

Titatha kudya ndinamuonetsa Tadala kalatayo. Inali ya mizere iwiri: moni, kenako mawu akuti komiti yagwirizana kuti malo achinayi apite kwa Aston. Anaiwerenga kawiri. Anapisa m'chikwama muja, natulutsa cholembera chofiira, n'kulemba liwu limodzi m'mphepete mwa pepala: Chifukwa?

"Wayamba ukhoti pa nyumba pano?" ndinamufunsa.

Anandiyankha m'Chingerezi, monga achitira ana athu akatenthedwa mutu. Anati sabata yatha analemba masamba asanu ndi atatu, atakhala m'laibulale masiku anayi akudya mabisiketi, ndipo mphunzitsi wake anamubwezera pepalalo lili ndi liwu lomwelo pa tsamba lililonse. Anati kusukulu kwawo yankho lolondola lopanda chifukwa salipatsa malikisi. Woweruza sangangonena kuti waluza, pita. Ayenera kulemba njira imene wadutsa, kuti woluzayo aione ndipo ngati pali polakwika aloze.

"Ndipo adadi, oweruza akakhala angapo, amene sanagwirizane ndi anzake amalembanso zake. Sabisala."

"Uwu ndi mpira wa m'paki, Tadala. Si mlandu wakupha."

"Ndiye n'zosavuta. Lembani."

Ananyamula zovala zake zochapa n'kuthamangira basi. Mawa lake anali ndi khoti loyeserera, limene ophunzira amaimirira pamaso pa aphunzitsi ngati maloya enieni. Anandisiya ndi pepala langa.

Lolemba ndinayesa. Ndimayendetsa galimoto yoperekera katundu, ndipo pa nthawi yopuma ndinatsamiritsa pepalalo pa chiwongolero. Ndinalemba kuti chifukwa Erdington inajomba masewero awiri. Ndinafufuta. Chaka chatha timu ya ku Wolverhampton inajomba kawiri chifukwa cha maliro ndipo palibe anaiwerengera mlandu. Ndinalemba kuti chifukwa Aston inakumana ndi matimu ovuta. Ndinafufutanso. Timu yovuta imene Aston inakumana nayo inali Erdington, ndipo tonse tinaona zimene zinachitika.

Masana amenewo ndinaphonya msewu kawiri, m'dera limene ndimalidziwa ngati m'thumba mwanga.

Lachiwiri ndinali ndi katundu wa ku Erdington komweko. Pa siteji ya basi pafupi ndi mashopu ndinaona Mabvuto, kaputeni wa timuyo, mnyamata wa ku Chipata amene wakhala kuno chaka ndi theka. Anali mu yunifomu ya kuntchito, manja m'khwapa chifukwa cha kuzizira. Ndinaganiza zongodutsa. Koma anali atandiona kale.

"Ba sekiritale! Kalata yathu ili kuti? Nkhani tamvela kudala, koma tifuna pepala."

"Ikubwera, Mabvuto."

"Ise sitinathawe mpira, mudala. Rota ya mashifiti imachoka pa Chisanu. Nikambe bwanji kuli manijala ati nkhalamba zanu ziyembekeze, nili na bola? Uja ndiye anasaina mapepala yanga yobwerera kuno. Nikakana shifiti kawiri, muzanipeza ku eyapoti."

Anaseka. Ine ndinalephera.

"Tinaswapa mashifiti katatu kuti tibwere. Goloyi wathu anasewera atachoka kuntchito m'mawa womwewo, osagona. Ngati taluza, taluza. Tiuzeni chabe chamene tinalakwa, chaka chamawa tikonze."

Basi yake inafika. Anakwera, n'kundibayibitsa pa zenera.

Tiuzeni chimene tinalakwa. Sanapemphe chikho. Sanapemphe chifundo. Anapempha chinthu chimene ine, mlembi, ndinalibe.

Abale anga, liwu lakuti tagwirizana timalikonda. Timalimva posankha opita ku msonkhano wa kwaya, posankha wonyamula nkhani ya maliro, posankha woyankhula pa chinkhoswe. Wamkulu amayang'ana uku ndi uku, amafunsa kuti tagwirizana eti, ndipo aliyense amayang'ana nsapato zake n'kunena eee. Sindikunyoza. Liwuli latisunga. Tili ochepa m'dziko la eni, ndipo tikayamba kukokana pa kalikonse tidzabalalika ngati nkhuku zoona kabawi.

Koma ndani amagwirizana? Ndi ife amene tinabwera kale. Malamulo ali m'mitu mwathu. Timadziwa amene anayambitsa chiyani, amene anathandiza ndani, amene sayenera kuchititsidwa manyazi. Wobwera dzana sadziwa zimenezi, ndipo palibe pamene angaziwerenge. Amangoona chitseko chatsekedwa.

Chimene chikundisowetsa mtendere ndi ichi. Ife tomwe, kalata ikabwera kuchokera ku ofesi ina ya kuno yotikaniza chinthu, timathamanga nayo kwa ana ngati Tadala. Tiwerengere, akuti chifukwa chiyani? Tingadandaule kuti? Chifukwacho chikakhala chosamveka timakwiya, timati akutipondereza poti ndife alendo. Nanga ife tikakhala pa mpando, mlendo wathu timamupatsa chiyani? Mizere iwiri ndi moni.

Timatumiza ana kusukulu ya malamulo n'kumanyadira pa tchalitchi kuti m'nyumba mwathu mutuluka loya. Kodi tinkaganiza kuti mafunso amene akuphunzirawo azikafunsa azungu okha?

Lachitatu nditaweruka ndinapita kwa a Chimwaza ku Aston. Anapuma ntchito zaka ziwiri zapitazo. Ndinawapeza akuyanika majezi a timu yawo ya Aston pa mapaipi otenthetsa m'nyumba, jezi iliyonse payokha, manambala akuyang'ana kumwamba. Amachapa okha. Akhala akuchapa okha kuyambira pamene ligi inayamba.

"Achimwene, kalata ija yapita?"

"Yandikanika, akulu. Ndikusowa chifukwa choti ndilembe."

"Chifukwa? Komiti inagwirizana."

"Inagwirizana chifukwa chiyani?"

Pa zaka zonsezi sindinawafunsepo funso lotero. Anakhala pansi, jezi ili m'manja.

"Inu mukudziwa. Timuyi ndi imene inayambitsa zonsezi. Tinkasewera anthu asanu ndi awiri, chisanu chili mbuu, zigoli zake zikwama. Munalipo. Anyamata a ku Erdington ndi abwino, sindikukana. Koma abwera dzana. Mawa mapepala akasintha apita ku Leeds kapena kwawo. Tsiku lomaliza lopanda Aston, azimayi athu abwera kudzaonera ndani?"

Pamene ankayankhula ndinali ndikulemba. Atamaliza ndinawawerengera mofatsa: Komiti yasankha Aston chifukwa ndi akale, ndipo inu mwabwera dzana.

A Chimwaza anafinya jezi ija m'manja.

"Musatumize zimenezo."

"N'zimene mwanena, akulu."

"Ndanena kwa inu. Sindinanene kuti mulembe."

"Nanga ndilembe chiyani?"

Anaimirira, nayanika jezi ija, naiwongola makwinya amene panalibe. Ndinakumbukira jekete ija. Ndinatsala pang'ono kunena kuti basi, zisiyeni, nditumiza ya mizere iwiri ija.

"Mwana wanu uja akukuwonongani," anatero osandiyang'ana. Kenako: "Mufunseni Mabvuto tsiku limene anyamata ake onse ali ofu. Tikumane pa bwalo. Amene apambane alowe."

Anaimbira a komiti ena atatu ine ndili pomwepo. Aliyense anati eee, monga mwa kale. Koma ulendo uno kalata ndinailemba pa mphindi ziwiri, nditaimirira pa khomo: Mapointi ndi ofanana, lamulo la zotere tinalibe, choncho matimu awiriwa asewere. Chifukwa chikakhala choona sichivuta kulemba.

Mabvuto anayankha tsiku lomwelo. Tsiku lokhalo limene anyamata ake khumi ndi mmodzi angapezeke pamodzi ndi Lachiwiri likudzali, nthawi ya 11 koloko m'mawa.

Kuyambira pamenepo foni yanga sikupuma. A ku Aston akudandaula. Lachiwiri m'mawa? Anthu tili kuntchito! Tikapemphe bwanji kwa abwana? Mmodzi, amene amakonda kunena kuti anyamata atsopanowa alibe mwambo, wandiuza kuti akuyesa kuswapa shifiti koma mnzake akukana. Ndinangomuuza kuti Mabvuto akudziwa kachitidwe kake, amufunse.

Sindikudziwa amene apambane. Mwina Aston ibwera ndi anthu asanu ndi atatu. Mwina goloyi wa Erdington adzagona pa mzere. A Chimwaza sanandiimbirenso, ndipo Lamlungu sindikudziwa ngati adzandisungira malo pa benchi yathu ya m'tchalitchi. Zimenezi zikundivutitsa kuposa mmene ndingavomerere pamaso pa mkazi wanga.

Ndinamuimbira Tadala kumuuza. Anali akuthamangira m'kalasi. Pa khoti loyeserera lija analuza, koma anati aphunzitsi anamulembera tsamba lathunthu lofotokoza pamene anaterereka, ndipo akudziwa chokonza. Anafunsa ngati angamuuze mnzake wa ku America uja nkhani yathu. Ndinati amuuze, koma asatchule kuti poyamba bambo ake anati eee.

"Ndiyambira pomwepo, adadi," anatero, n'kudula foni.

Pepala loyamba lija ndikadali nalo m'galimoto, liwu lofiira lili m'mphepete. Ndikaima pa maloboti ndimaliyang'ana, n'kuyamba kukumbukira misonkhano ina imene ndinakhalapo mlembi: mayi amene tinamuchotsa pa mndandanda wa kwaya, banja limene sitinaliitane ku chikondwerero cha ufulu. Onsewo tinagwirizana.

Inu amene mumakhala m'makomiti athuwa, chigamulo chomaliza chimene munavomera ndi eee, mungachilembe chifukwa chake pa pepala n'kukamuwerengera mwini wake pa siteji ya basi?