Muvi Sunagwedezeke pa Bua

Zaka zoyamba za matipate ndinkagwira ntchito yoyeza madzi ku Mchinji. Kalabu ya alimi ya kufupi ndi Kamwendo itapempha thandizo la ulimi wothirira, ku ofesi anandituma kukayeza liwiro la madzi mumtsinje wa Bua.

Makina ake anali ndi bokosi la mabowo awiri. Lina linali lolowetsa waya wochokera ku chipangizo chomiza m'madzi, lina lotulutsa waya wopita ku mita ya muvi. Ine katswiri wovala tayi ndinasinthanitsa mawayawo mosazindikira. Muvi unangoti zii pa ziro, madzi akuthamanga mpaka kundikoka buluku.

Vutolo ndinaliona pompo. Koma anthu anali atandizungulira, atandiwombera kale m'manja, ndipo wapampando wawo, Mayi Nabanda, anali atanditchula injiniya. Kuwerama n'kusintha mawaya pamaso pawo kunandikulira.

"Bwana, akuti bwanji makinawo?" anafunsa mayiwo.

"Akuti madzi ndi ofooka, mayi. Makina sanama."

Anayang'ana mtsinje, n'kundiyang'ana ine. "Zikomo, bwana." Anandipatsa nkhuku ya mlendo, ine n'kulandira ndi manja awiri ngati mwana woleredwa bwino.

Ndinkati ndibwererako mwakachetechete kukayezanso. Galimoto inasowa mafuta, lipoti linafunika msanga, ine n'kulembamo zoti madzi ndi ofooka, thandizo n'kupita kwina.

Mayi Nabanda amathirirabe ndi keni, msana unachita kupindika. Ndikagula tomato wawo pamsika amandiwonjezera waulere, akuti ndinavutika kudzawayezera madzi. Ndimalandirabe ndi manja awiri.