Kiyi Imodzi M'kabokosi ka ku Dimba

Chinali chaka cha 2023, ine ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi. Mawondo anali atayamba kukana kheni yothirira. Dimba langa lili kumunsi kwa mudzi wathu, kufupi ndi Sinda. Ndimalimamo tomato ndi anyezi, ndipo kumphepete kunali mzere wa tsabola amene malemu mkazi wanga anabwera naye kuchokera kwawo. Mbewu yake sindinkaisunga m'nyumba. Inkakhala m'dimba momwemo, chaka ndi chaka.

Mwana wa mlongo wanga, wamkazi, amalemba mapulogalamu a makompyuta ku Lusaka. Anabwera mu Ogasiti ndi pampu ya sola ndi kabokosi kokwana m'dzanja. Anakamangirira pamtengo wa pambali pa chitsime. Waya wina unapita ku pampu, wina anaukwirira m'nthaka, kunsonga kwake kuli kachitsulo koyeza chinyezi.

Sukulu ndinalekera ku pulayimale, koma sindilola chinthu kugwira ntchito m'dimba mwanga ndisanadziwe mayendedwe ake. Ndinamuuza kuti afotokoze.

"Atsibweni, m'katimu muli chomasulira," anatero. "Ine ndimalemba malamulo, icho chimatenga lamulo limodzi n'kulichita, kenako lotsatira. Chikafika kumapeto chimabwerera poyambira. Chimangozungulira choncho."

"Ngati wothirira mizere."

"Eya. Ntchito zilimo zitatu: kufunsa nthaka ngati yauma, kuyatsa pampu, ndi kutumiza uthenga ku foni yanu zikavuta. Koma kiyi ndi imodzi. Ntchito imene yagwira kiyi ndiyo imayenda, zinazo zimadikira. Zimalandirana msanga, inu simungaone."

Kachitsulo koyeza chinyezi kanavuta. Sikankamvana ndi chomasuliracho. Iye anakhala pandowa yovundikira, laputopu ili pamawondo, n'kulemba kachidutswa kena m'chinenero china cha makompyuta, chimene anati ndi cha pansi, choyandikana ndi zitsulo. Kachidutswako kankalowa mwachindunji m'kuzungulira kuja.

"Pansi pano palibe wokugwira dzanja," anatero. "Kiyi umatenga wekha, umabweza wekha."

"Nanga ukaiwala kubweza?"

"Inu munaiwalapo kutseka khola?"

"Ayi."

"Ndiye ine ndine wa kwa yani?"

Anabwerera ku Lusaka. Kabokosi kanagwira ntchito, ndipo tomato anakula bwino. Ine ndi amene ndinasowa mtendere. Ndinkatsikira kudimba, kuima, kumvera pampu ikuyaka yokha, manja osadziwa pokhala. Mnansi wa dimba la pafupi anabwera kudzaona, chala chili kutsogolo. Ndinamuuza kuti asakhudze kanthu ndipo asalowe ine kulibe.

Mu Okutobala, dzuwa litafika poswa nthaka, mng'ono wanga anamwalira ku Vubwi, kumene anakwatira. Wamkulu wotsala pa mbumba yathu ndine. Ndinanyamuka.

Maliro anachedwa, chifukwa tinkadikira ana ochokera kutali. Ndinakhala pamkeka ndi amuna anzanga, koma mtima unali kuchitsime. Foni kumeneko imasokonezeka, pena imagwira netiweki ya ku Malawi, pena ya ku Mozambique, pena osagwira kalikonse. Ndinkadzuka, kukwera pachulu cha kuseri kwa nyumba, foni m'mwamba. Uthenga wa kabokosi kunalibe. Ndinkatsika, kukhala, kenako kudzukanso. Mlamu wanga wina anafunsa ngati m'mimba mwandivuta.

Nditapeza netiweki ndinaimbira mwana uja.

"Kabokosi kali chete."

"Kakakhala chete ndiye kuti zili bwino, atsibweni. Lirani m'bale wanu."

Sindinakhutire. Chinthu chokhala chete sindichikhulupirira, kaya ndi mwana, kaya ndi galu. Titaika maliro ndinapempha njira. Akuluakulu a kumeneko anayang'anana.

"Muchoke tisanamete? Nanga za ana amasiyewa tikamba ndi yani?"

Ananena zoona. Ndinakhala pansi. Ndikanatha kuimbira mnansi uja, koma ndinali nditamuletsa ndi pakamwa panga, ndipo mawu anga sindimawabweza pafoni. Ndinakamba za amasiye, ndinameta, ndinatsanzika mwaulemu wake. M'minibasi ndinakhala kumpando wa pakhomo. Pa Katete inaima kudikira anthu, ine n'kutsika, kuizungulira, kukweranso. Kondakitala anati, "Amadala, mwaiwala mphika pamoto?"

Kunyumba sindinalowe. Ndinatsikira kudimba chikwama chili paphewa. Kanyali kobiriwira ka pakabokosi kankayaka bwinobwino. Chitsime chinali ndi madzi, dzuwa lili phwee pa sola. Pampu inali zii. Tomato anali atagwa pamitengo yake, masamba akufumbutuka m'manja.

Mwana uja anabwera pa basi ya kumapeto kwa sabata. Anafukula waya wa m'nthaka, tinapeza chiswe chitaudula. Ndinati basi, mlandu ndi wa chiswe. Iye anapukusa mutu, n'kulumikiza laputopu. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Si chiswe. Waya kuduka, kabokosi kanayenera kukuuzani. Ndi kachidutswa kanga kaja." Analoza mzere wina pagalasi. "Apa ntchito yofunsa nthaka inatenga kiyi, inafunsa, yankho silinabwere. Inakhala chidikirire, kiyi ili m'manja. Chomasulira chinaima pomwepo. Ya pampu inasowa kiyi. Ya uthenga inasowanso kiyi."

"Ndiye kabokosi sikanafe."

"Ayi. Mpaka tafika kanali kakudikirabe."

"Chinafunika n'chiyani?"

"Kusiya kiyi usanayambe kudikira, n'kuitenganso yankho likabwera. Komanso kuika malire a kudikirako."

Analemba timizere tochepa. Sizinatenge nthawi yoti munthu n'kumwa kapu ya madzi. Kenako anayang'ana kumphepete kumene kunali tsabola wa azakhali ake, n'kufunsa ngati ndinasungako mbewu. Ndinati ayi. Anatseka laputopu.

"Ndikachotse kabokosika, atsibweni?"

Ndinamuuza kuti alumikize waya watsopano. Atamaliza, pampu itayaka, ndinatulutsa mpeni n'kudula wayawo iye akuona. Tinaima. Sindinakhale pansi. Patapita kanthawi foni inalira m'thumba mwanga, uthenga wakuti nthaka sikuyankha. Pampu sinazime.

"Lumikizanso," ndinatero. "Ulowetse m'paipi, chiswe chisaupeze."

Kabokosi kakadali pamtengo paja. Ndimatsikirabe m'mawa uliwonse, kupisa chala m'nthaka ndisanayang'ane kanyali kake. Mnansi uja ndinamupatsa chilolezo cholowa ndikachoka.

Zimene zinatayika chaka chimenecho ndi izi: mizere khumi ndi iwiri ya tomato, mabedi anayi a anyezi, nazale imodzi ya kabichi, mbande ziwiri za mapapaya, ndi mzere umodzi wa tsabola amene mbewu yake sindinaipezenso, ku Sinda, ku Katete, ngakhale kwawo kwa mwini wake.