Zomwezomwezo M'nyengo ya Manachesi

Ndinataya mkazi wanga, Tadala. Ndinataya phokoso la tsache lake pakhonde m'mamawa, fungo la mafuta amene ankadzola kumapazi, ndi malo ofunda kumbali ya khoma. Zina sindizilemba. Chimene ndilembe ndi mawu amodzi amene ndinawadziwa ndili mwana, kwathu kufupi ndi Thambani, chaka chimene bambo anadwala chifuwa chachikulu.

Inali nyengo ya manachesi. Mudzi wonse unkanunkhira makoko ake, amene ankangoti mbwee m'njira ndi kuseri kwa nyumba. Manja athu ankamata, ndipo maso ankatiwawa chifukwa chofinyirana makokowo posewera. Koma m'nyumba mwathu munali fungo lina, la bulangete lonyowa ndi thukuta ndi la chitini cha phulusa chimene bambo ankalavuliramo. Anali ndi kapu yawoyawo yabuluu, imene mayi anandiletsa ngakhale kuikhudza.

Achipatala anati bambo azipita m'mawa uliwonse kukamwera mankhwala pamaso pawo. Mayi anali ndi khanda, choncho wowaperekeza ndinali ine Chiko. Njira inali imodzimodzi, mame ozizira omwewo m'miyendo, mtengo wa mango womwewo umene ankautsamira akatha mpweya. Kuchipatala tinkakhala pabenchi lomwelo, iwo n'kumeza mapilitsi, ife n'kubwerera. Anthu akawafunsa m'njira kuti adzuka bwanji, ankayankha osadzutsa mutu: "Zomwezomwezo."

Kwathu mawuwa amanenedwa pa chinthu chimene chabwerezedwa mpaka kukoma kwake kwatha: nandolo wa dzulo, dzana ndi lero, kapena mlaliki amene sasintha mutu wa ulaliki. Munthu amawakoka potchula, ngati akuyasamula. Ine ndinkawamva mwamtundu wina. Kwa ine ankatanthauza kuti bambo sakuchira.

Tsiku lina pobwerera anapatuka kukataya madzi patchire, ndipo podutsa ndinaona udzu wafiira. Panalibe amene anandiuza kuti mapilitsi aja amafiiritsa mkodzo. Ndinati ndi magazi. Sindinauze mayi, poopa kuti ndikatchula ndiye kuti zichitika. Kuyambira pamenepo ndinkayenda pambuyo pawo, maso ali pamafupa a mapewa amene ankaonekera m'malaya, ndikuganiza kuti akagwa pano ndithamangire kuti, kuchipatala kapena kunyumba. M'kalasi mwana akatsokomola mtima wanga unkadumpha. Ndinkapemphera chinthu chimodzi chokha, kuti pachitike china chake chosiyana ndi dzulo.

Chinachitikadi. Chifuwa chinayamba kuchepa, bambo anayamba kudya, masaya anabwerera. M'mawa wina tikutuluka, panaima pikapu ya anthu opikula manachesi, yopita kumalire. Bambo anathandiza kukweza madengu athu, kenako nawonso anakwera pamwamba pake. Mayi anatuluka khanda lili kumsana, n'kuwakumbutsa kuti achipatala anati asasiye mpaka mankhwala athe.

"Ndachira ine, mayi a Chiko," anatero bambo. "Ndatopa nazo zomwezomwezo."

Ine ndinasangalala. Madzulo anabwera ndi buledi wa ku Zobue, wolimba kunja, wofewa m'kati, ndipo ndinadya ndikudabwa chifukwa chimene mayi sankasangalalira nafe. Mawa lake sitinapite kuchipatala. Mkuja wake chimodzimodzi.

Manachesi atatsala ochepa m'nsonga za mitengo, chifuwa chinabwerera, chakuya kuposa kale. Ulendo uno kufiira kunali m'chitini cha phulusa, ndipo anali magazi enieni. Anawatengera kuchipatala cha ku boma, kumene ankawabaya jakisoni tsiku lililonse. Mayi ankapita kukawadikirira, ine n'kutsala ndi azakhali. Ndinkakhala pamphambano, kuopa njinga iliyonse yobwera mothamanga, chifukwa uthenga wa maliro unkabwera choncho. Malume akabwerako ku boma, azakhali ankawafunsa kuti odwala ali bwanji. Akayankha kuti zomwezomwezo, azakhali ankapumira m'mwamba n'kuyamika Mulungu, kenako n'kupitiriza kusenda chinangwa. Zimenezo sindinkazimvetsa.

Bambo anabwerako mvula yoyamba itagwa, atawonda, khutu limodzi litagontha. Tinayambanso kuyenda njira ija, ndipo sanadumphenso tsiku. Alipo mpaka lero.

Ndinakula, ndinapita ku koleji, ndinapeza ntchito ku boma kuno, ndinakwatira. Anzanga akandifunsa za kunyumba, nanenso ndinkayankha ndi mawu omwewo, mowakoka, ngati munthu amene akudikira moyo weniweni uyambe. Ndili mwana ndinkaopa kuti mawa lidzafanana ndi lero. Sindinkadziwa kuti azakhali ankaopa mawa limene silidzafanana ndi lero, ndipo kuti pa awirife wodziwa kuopa anali iwo.

Tadala anamwalira masana, ine ndili kuntchito. M'mawa wa tsikulo anali atasesa pakhonde monga mwa masiku onse, n'kukhala pampando akuti mutu ukumuwawa pang'ono. Ndinamufunsa ngati nditsale. Anandikonza kolala ya malaya, osadzuka pampandopo.

"Pitani, muchedwa," anatero. "Madzulo mundipeza pompano."