Folofolo pa bolodi la kabati

Ine makina odula matabwa okha ndinawaona ndi maso angawa, ku Chileka, chaka chimene mdzukulu wanga amakwatiwa. Ndinali nditalengeza kale kwa azimayi onse a kutchalitchi kuti mphatso yanga ikhala kabati ya mbale. Bolodi linali limodzi lokha, loyera mbee, loterera ngati galasi. Likanawonongeka, basi, ine ku ukwati chimanjamanja, pakamwa pokha patsogolo.

Wodula anali mkamwini wanga, bambo wake wa mkwatibwiyo, amene amagwira ntchito pa shopu ya makabati. Ulemu wake munthu uja, ee! Chikwatireni mwana wanga anali asanandiyang'anepo m'maso. Tikakumana panjira, iye tswa, m'chimanga. Ndiye ndinakwera minibasi pa Lirangwe ndi mwana wangayo, mkazi wake, kuti mawu athu azidutsira mwa iye.

Tafika, akutionetsa pa kompyuta. Bolodi langa lajambulidwa, m'kati mwake timabokosi: ichi chitseko, ichi chinzake, awa mashelefu. Koma pakati pa bokosi ndi bokosi, kamsewu.

Ine: "Nanga misewuyi?"

Mkamwini akuyankhula ndi nsapato zake, kamawu kapansipansi: "Uwauze amayi kuti ndi mpata."

"Akuti ndi mpata, amayi."

"Ndamva, sindine gonthi! Mpata wa ndani? Ine ndabwera folofolo, dengu la eni ake pamiyendo, kondakitala thako panja, 'Sunthani masiteni, sunthani, anthu anayi pamenepo!' Ndafa? Apanikize! Pakona apo patuluke kashelefu ka wailesi yanga."

Mkamwini thukuta kamukamu. "Uwauze amayi kuti mpeni wake nawo umafuna podutsa. Pomwe wadutsa pamasanduka utuchi. Zikathithikana uluma chinzake."

Mwana wanga, chimwana chopanda mwambo chija, amvekere: "Akuti muli ndi nzeru, amayi."

"Ndikudziwa! Ayambe!"

Angawakanire apongozi ake? Anakoka mpweya, nkugwiragwira kompyuta ija. Kashelefu kanga kanalowa pakona, kothinana ndi shelefu yaikulu ngati mwana kumsana. Zitseko sanazisunthe, mochenjera muja, koma ine maso anali pa kanga.

Kenako anayatsa makina aja. Mayo ine! Tebulo lake limayamwa bolodi ndi mpweya kuti lisasunthe, vuuuu! Kachitsulo ngati chala changachi kanatsika kokha, zwiiii, nkuyamba kuyenda. Popanda wokagwira! Kakhota, kabwerera, kakhotanso, ngati kakudziwa kwawo. Ine nthungululu, lululululu! Anyamata a pa shopu kuseka. "Agogo, si ukwati uno!" Ine: "Takhalani chete inu, ukwatiwo wayambira pompano!" Ndinavula mpango nkumavina chozungulira, utuchi m'mutu mbuu.

Chitseko choyamba chatuluka. Chachiwiri chatuluka. Basi kachitsulo kaja kalunjika pakona panga. "Ndi kanga ako! Ka wailesi!" Kadula uku, kadula uku. Kathabwa kang'onong'ono, kopanda chokagwira m'mbali, mpweya uja sunakakwanitse. Kanayamba kunjenjemera, gwedegwede, kenako PHAA! Kanauluka, fyuu, pafupi ndi khutu langali, nkukamenya malata, NGWEE!

Aliyense pansi. Wina wathimitsa makina. Zii.

Ine ndinangopezeka pansi pa benchi, chogwada, chitenje chili uko. Kutukula mutu chonchi, mphuno kwa mphuno ndi ndani? Mkamwini! Nayenso anathawira momwemo. Pothawira palibe, chimanga kulibe, mkazi wake wabisala kuseri kwa chitseko. Maso ake ndinawaona tsiku limenelo. Aakulu bwino, ngati a mdzukulu wanga.

"Apongozi," iye mwini, ndi pakamwa pake, "mwavulala?"

"Kabati yanga?"

"Zitseko zili bwino. Shelefu imodzi yalumidwa pakona."

"Pang'ono?"

"Ngati khoswe walawa."

Ndinayamba ndine. Phwiti! Iye anayesa kudzigwira, analephera. Tinaseka pansi pa benchi paja mpaka misozi, mwana wanga akukuwa, "Tulukani inu, anthu akuona!"

Kabati inapita ku ukwati pa galimoto, yomangidwa riboni, ine pambuyo pake ndikuvina ngati ndadula ndekha. Polumidwa paja mdzukulu wanga amaikapo tiipoti, palibe amadziwa. Wailesi yanga mpaka lero imakhala pa ndowa.

Mkamwini tikakumana panjira amalowabe m'chimanga. Koma ine ndimaima, nkukuwa, "Folofolo!" Ndiye mumangoona mapesi akugwedezeka.