Loko pa Kasupe wa Don Anacleto

M'mawa uliwonse Don Anacleto Irala ankameta ndevu ndi madzi a m'kapu imodzi basi. Ankapachika kagalasi pamsomali wa pakhonde, n'kuviika lumo, n'kumeta modekha kuyambira kukhutu, ndipo timadzi totsala ankakathira patsinde pa mtengo wa mandimu. M'nyumba munali mpope, kubafa kunali sinki yoyera yomwe ana awo anawaikira, koma iwo sankafuna kuona madzi akungopita pachabe. Akamva mpope ukudontha, ngakhale kwa eni, ankasiya zimene akuchita n'kukagogoda.

Anthu a m'tawuni ya Villarrica ankadziwa kumene khalidweli linachokera. Don Anacleto anapita ku nkhondo ya ku Chaco, dera louma la kumalire, ndevu zisanamere n'komwe, ndipo kumeneko anzawo ambiri sanafe ndi chipolopolo koma ludzu. Anabwerako ali mafupa okhaokha, milomo itang'ambikang'ambika. Za nkhondoyo sankakamba. Pa tsiku lokumbukira asilikali ankavala mendulo yawo n'kukhala kutsogolo pamodzi ndi nkhalamba zinzawo, zimene zinkachepa chaka ndi chaka. Akafika kunyumba ankaivula n'kuiponya m'chitini cha mabatani.

Atachira anapita kulikulu ku Asunción, masana n'kumanyamula matumba padoko, madzulo n'kumaphunzira malamulo. Anabwerera kwawo ali loya, ndipo monga timachitira ndi maloya onse kuno, anthu anayamba kuwatchula kuti Dokotala. Milandu yawo inali ya malire a minda, ng'ombe zodya chimanga cha eni, abale olimbirana nyumba ya malemu. Yambiri sinkafika kukhoti. Ankakhazika okanganawo pamthunzi kuseri kwa ofesi n'kuitanitsa terere, tiyi wozizira wa kuno. Chikho cha nyanga ya ng'ombe chodzaza masamba chinkazungulira, kapaipi kachitsulo kali kamodzi komweko, wamng'ono pa onse akuthira madzi ozizira n'kumapatsira aliyense motsatizana. Dokotala ankati n'kovuta kutukwana munthu amene mukumwera chikho chimodzi.

Anakwatira Ña Eduvigis, mtsikana amene ankagulitsa chipa, timikate ta ufa wa chinangwa, pasiteshoni ya sitima, ndipo anabereka ana asanu ndi mmodzi. Ngakhale oweruza ankadziwa kuti dzuwa likafika pamutu Dokotala amayamba kusuzumira kukhomo, chifukwa chakudya chamasana sankadyera kwina. Lamlungu ana, apongozi ndi zidzukulu ankasonkhana patebulo lalitali pabwalo. Ña Eduvigis atamwalira mwambowo sunathe. Mwana wawo wamkazi Zunilda, mphunzitsi wopuma pa ntchito, anabwerera pakhomopo kudzawasamalira, ndipo Lamlungu lililonse m'mawa ankaona bambo ake akuyenda mozungulira tebulo, akugwira mpando uliwonse n'kutchula dzina la mwini wake.

Don Anacleto anamwalira atapitirira zaka makumi asanu ndi anayi. Koma anthu akamawakumbukira sayambira ku Chaco kapena kukhoti. Amayambira pa chaka chimene mvula inakana.

Kunja kwa tawuni anali ndi malo okhala ndi kasupe wosaphwa. Malowo anawapereka kwa Wilfrido, mzime wawo, amene ankaweta ng'ombe. Anthu a kumunsi, kumene mipope inali isanafike, ankatunga pakasupepo kuyambira kalekale. Dokotala nawonso sankamwa terere wa madzi ena, choncho Wilfrido ankawabweretsera chigubu chodzaza sabata iliyonse.

Tsiku lina pakati pa sabata kunafika Ña Liberata, mayi wa kumunsiko amene ankachapa zovala za banjali ana ali aang'ono. Sanadikire kuti amupatse mpando.

"Dokotala, ndabwera ndi mlandu."

"Milandu ndinasiya, Ña Liberata. Masiku ano ndimangoweruza nkhuku zikamalimbirana chimanga."

"Uwu muutenga. Wolakwayo mukumudziwa, matewera ake ndinkachapa ndine."

Zunilda, amene ankasenda chinangwa pakhomo la khitchini, anasiya mpeni. Ña Liberata anafotokoza kuti Wilfrido waika loko pachipata cha kukasupe, ndipo anthu akutunga kudambo kumene kumagudubuka nkhumba. Zidzukulu zake ziwiri zinali zitayamba kale kutsegula m'mimba.

"Mukamusumire, Dokotala. Loya wina sindimudziwa, ndipo sindikufuna mlendo akamuchititse manyazi mwana wanu. Mumuchititse manyazi inuyo."

Mayiyo atapita, Don Anacleto anatsamira kutsogolo, manja onse ali pamutu pa ndodo. Zunilda ankamudziwa bwino mlongo wake. Wilfrido anali munthu wopatsa, koma mtima wake unali wapachala, ndipo akakwiya ankasunga. Nthawi ina atasemphana ndi mkulu wake pa nkhani ya hatchi, anatha chaka osaponda pakhomopo, bambo awo n'kuonda ngati odwala.

"Papa, mukamutengera kukhoti sadzabweranso pano," anatero Zunilda.

"Ndikudziwa."

"Nanga mukangokhala?"

"Zidzukulu za Liberata zizimwa matope."

"Malamulo akuti bwanji?"

"Malamulo angathe kutsegula chipata, mwanawe. Koma sangandikhazikire Wilfrido pampando wake Lamlungu." Anaganiza pang'ono. "Ukamuuze Liberata abwere Lamlungu m'mawa, ena asanafike."

Lamlungu Wilfrido anafika ndi galimoto yake yafumbi, chipewa chili kumbuyo kwa mutu, chigubu paphewa, nyama yoti awotche m'dzanja linalo. Anapsompsona bambo ake pamphumi n'kutembenukira kwa mlongo wake.

"Aphunzitsi, nkhope imeneyi bwanji? Wina walephera samu?"

"Samala mimbayo, itsogola kulowa m'nyumba iwe ukadali pachipata."

Wilfrido anaseka n'kupita kuseri kukakoleza makala. Apo Don Anacleto anakodola Zunilda n'kumunong'oneza kuti akakhuthule chigubu chonse padimba la ndiwo zamasamba. Zunilda anawayang'ana kawiri. Kenako ananyamula chigubucho, n'kukathira madziwo akudabwa, chifukwa chibadwire anali asanamvepo bambo ake akulamula zotere.

Wilfrido pobwera anapeza mipando inayi pamthunzi wa mango. Pa umodzi panali Ña Liberata, atavala diresi yake ya kutchalitchi. Kumwetulira kwa Wilfrido kunazima, komabe anavula chipewa n'kupereka moni. Patebulo panali chikho cha nyanga, masamba ali kale m'kati, ndi jagi pambali pake.

"Khala pansi, Wilfrido, utithirire," anatero Don Anacleto. "Wamng'ono pano ndiwe."

Munthuyo anali ndi imvi ndi zidzukulu zake, koma mwambo sufunsa zimenezo. Pamene pali akulu, wothira terere ndi wamng'ono, ndipo sachoka mpaka onse atakhuta. Anakhala pansi n'kunyamula jagi. Inali yopepuka. Anasuzumiramo.

"Mulibe madzi umu, Papa."

"Eya."

"Chigubu chija chili kuti?"

"Kabichi anali ndi ludzu."

"Chabwino, ndikatunge pampope."

"Kuti mlendo wanga amwe madzi onunkha mankhwala? Mayi ako akanakukoka khutu. Pakhomo pano timamwa a kukasupe." Don Anacleto anatembenuka mwaulemu. "Wothira sachoka pamalo pake. Ña Liberata, inu miyendo ikadali yolimba, mungatithandize? Wilfrido, apatse kiyi."

Kuseri makala ankathetheka. Wilfrido anaika jagi pansi pang'onopang'ono.

"Ndiye mwanditchera msampha m'nyumba ya bambo anga."

"Ndakuitana ku terere."

"Mwafunsa chifukwa chake ndinakhoma? Mwafunsa? Anthu awa akalowa satseka chipata. Mwezi watha mathole anga awiri anatulukira kumsewu, limodzi linagundidwa ndi lole, ndinakalitola ndekha. Anyamata amatsukira njinga zamoto pakasupe pomwepo, mafuta ali yandayanda. Ndinapempha, ndinakalipa, ndinakhoma chikwangwani. Ndani anandimvera?"

"Za tholelo ndinamva, ndipo zinandikhudza," anatero Ña Liberata. "Koma si zidzukulu zanga zinasiya chipata. Zili ndi zaka zingati kuti zifikire chitsulo chotsekera chipata chija?"

"Ña Liberata, ine sindinanene inu."

"Loko sasankha, mwana wanga. Watikhomera tonse."

Wilfrido anayang'ana bambo ake. "Malo aja munandipatsa ndinu. Ndinu loya, nenani ngati ndalakwira lamulo."

Don Anacleto anatenga chikho chouma chija n'kuchitembenuzatembenuza m'manja.

"Ku Chaco tinagwira mnyamata wa ku Bolivia," anatero motsitsa mawu. Zunilda anaweramuka, chifukwa anali asanamvepo bambo ake akuyamba nkhani ndi mawu amenewo. "Dzulo lake ankatiwombera. Lilime linali litatupa, sankatha ngakhale kupempha, ankangoloza kukamwa. Tinali ndi timadzi ta pansi pa botolo, anthu ambirimbiri. Palibe anafunsa mnzake. Botolo linazungulira, ndipo litafika pa iye linaima monga linaimira pa aliyense." Anakankhira chikhocho kwa mwana wawo. "Ameneyo anali mdani. Awa anakubereka kumsana. Zoti wapwetekedwa ndamva, ndipo sukunama. Koma ine sindingamwe madzi okhomedwa, Wilfrido. Akhoza kunditsamwa."

Wilfrido anapisa m'thumba, n'kuchotsa kiyi mmodzi pamulu wa makiyi, n'kumuika patebulo. Sanamupereke m'manja mwa munthu.

"Ng'ombe zikatha, mudzandiuze lamulo lake," anatero. Anavala chipewa n'kupita. Otsalawo anamva galimoto ikulira mpaka kukhota.

Ña Liberata anatola kiyi uja n'kumumanga pakona ya mpango. Sanasangalale. "Ndakuswerani banja, Dokotala."

"Pitani mukatunge. Muyambe ndi odwalawo."

Masana ana ena anafika ndi mabanja awo, nyama inapsa bwino, chinangwa chinali chofewa. Wina atafuna kuchotsa mpando wa Wilfrido kuti pakhale malo, Don Anacleto anaugwira. Anadya pang'ono, anaseka pamene zidzukulu zinkafuna kuti aseke, koma Zunilda anaona kuti galimoto iliyonse ikadutsa mumsewu ankasiya kutafuna.

Kutacha Zunilda anawapeza atavala kale suti yawo yoyera ya kukhoti, imene tsopano inali itawakulira m'mapewa, ndodo m'manja, mpando wopinda atautsamiritsa pakhoma.

"Papa, mukupita kukasuma?"

"Itana galimoto ya hayala. Utengenso chipewa changa chachikulu."

Anatsikira pachipata cha kukasupe. Loko anali lende, ndipo amayi anali atayamba kale kudutsa ndi zidebe. Don Anacleto anatambasula mpando wawo pambali pa nsanamira n'kukhala. Munthu akafika ankadzuka, n'kutsegula, n'kupereka moni, n'kutseka. Akamatuluka, chimodzimodzi. Mnyamata wina atabwera akukankha njinga yamoto, anamuloza ndi ndodo kuti aisiye kumsewu, ndipo anaisiya. Amayi ankachita manyazi.

"Dokotala, titseka tokha!"

"Mwezi watha munatseka?"

Dzuwa litakwera, Zunilda anaona Wilfrido akutsika kuchokera kukhola. Anaima chapatali, manja m'chiuno, akuyang'ana nkhalamba ya suti yoyera ikulimbana ndi chitsulo cha chipata, ng'ombe zake zikudya msipu kumbuyo kwake. Anabwerera kukhola. Koma posakhalitsa anatulukiranso, nsanamira ziwiri paphewa, chokumbira m'dzanja, n'kuziponya pansi pafupi ndi mpanda.

"Kampata ka anthu kakhala apa, kopapatiza, ng'ombe isakwane," anatero osayang'ana munthu. "Inu Papa sunthirani pamthunzi. Mukakomoka pano anthu adzati ndakuphani ndine."

"Ndisuntha ukamaliza," anatero Don Anacleto, n'kudzuka kukatsegulira mayi wina amene ankabwera ndi ndowa pamutu.